Zilembo Zonenepa za a Oswald Cooper

Mukafuna kudziwa luso la munthu amene adajambula zilembo za Cooper Black, musayambire pa kunenepa kwake. Kunenepako aliyense amakuona ali patali. Yambirani pa kabowo koyera ka m'kati mwa chilembo cha O. Kabowoko sikaima njo ayi. Kapendekera kumanzere, mutu wake utaweramira cham'mbuyo. Chifukwa cha kupendekako, mnofu wa chilembocho sufanana mbali zonse: wachindikala kwambiri m'munsi chakumanzere ndi m'mwamba chakumanja, kenako n'kuwondako pang'ono m'mbali ziwiri zotsalazo. Umu ndi mmene O amatulukira munthu akamalemba ndi cholembera cha nsonga yophwatalala, atachigwira mopendeka m'dzanja lamanja. Osindikiza mabuku akale a ku Venice, monga a Nicolas Jenson cha m'ma 1470, adasunga chizindikiro cha dzanja chimenechi posula zilembo zawo zachitsulo. Patapita zaka zoposa 450, a Oswald Cooper a ku Chicago adachitenga n'kuchilowetsa m'zilembo zakuda bii, zolemera kwabasi.

Kwa ine luso lonse lagona pamenepo. Chilembo chikanenepa kwambiri chimakonda kufa. Chimangotsala chidutswa chakuda chongokuwa, choti diso likachiona limafuna kuthawa. Cooper Black ndi yolemera kuposa zilembo zambiri zimene mungazipeze pa kompyuta, komabe ili ndi moyo, imayenda, ndipo munthu akaiona nkhope imamasuka. Kulemera ndi kufatsa sizikhalira pamodzi kawirikawiri. A Cooper adazikhalitsa pamodzi, ndipo sizidachitike mwangozi.

A Oswald Bruce Cooper, amene anzawo ankangowatchula kuti Oz, adabadwa m'chaka cha 1879 ku Mount Gilead m'dera la Ohio, n'kukulira ku Coffeyville ku Kansas, komwe adalowa ntchito ya m'nyumba yosindikizira akadali mnyamata. Atapita ku Chicago adakaphunzira pa Frank Holme School of Illustration, ndipo kumeneko adakumana ndi a Frederic Goudy, katswiri wa zilembo amene ankaphunzitsa pa sukuluyo. M'chaka cha 1904 iwo ndi mnzawo a Fred Bertsch adatsegula kampani yawo, Bertsch & Cooper. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali kulemba pamanja mitu ya zotsatsa malonda, kuphatikizapo za galimoto za Packard. Masiku amenewo mutu wa chotsatsa chabwino unkajambulidwa ndi munthu, chilembo chimodzichimodzi, ndi cholembera kapena burashi, kenako n'kuutengera ku makina. Motero a Cooper ankadziwa bwino chimene chimachitikira chilembo chikachoka pa tebulo la wojambula n'kukagwera pa pepala lotchipa la nyuzi: inki imafalikira, nsonga zakuthwa zimabuntha, timizere topyapyala timaduka.

Kampani yosula zilembo ya ku Chicago komweko, Barnhart Brothers & Spindler, ndiyo idasandutsa kalembedwe kawo kukhala zilembo zamtovu zoti wosindikiza aliyense agule. Zoyamba, zonenepa mwapakatikati, zidatuluka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha. Cooper Black idatsatira m'chaka cha 1922. Kenako banja lidakula: Cooper Hilite ya 1925, yokhala ndi kamzere koyera m'mbali mwa chilembo chilichonse koonetsa kunyezimira, ndiponso mitundu iwiri ya 1926, wopendeka ndi wopanikizika.

Tsopano tayang'anani m'mapazi. Zilembo zambiri za m'mabuku zili ndi timapazi kumapeto kwa mizere yake, timene akatswiri amati ma serif, ndipo nthawi zambiri timakhala tophwatalala pansi, takuthwa m'mphepete. Mu Cooper Black mulibe ngodya yakuthwa ngakhale imodzi. Timapazito ndi tobulungira, totupa, ndipo kunsi kwake n'kokhota, moti chilembo sichiponda mzere mwamphamvu koma chimangoukhudza ndi mimba ya phazi. Zilembozo zimaoneka ngati mandasi ongovuulidwa kumene m'mafuta: zafufuma mbali zonse, zabulungira m'mphepete, koma chilichonse chasunga maonekedwe ake. Apa ndi pamene anthu ambiri amanamizika n'kuganiza kuti ndi zilembo zachibwana, zoti aliyense angajambule. Tayesani kunenepetsa chilembo cha a kapena cha e mpaka kufika pamlingo umenewo, muone ngati kabowo kake sikatsekeka. A Cooper adasiya timabowo tating'ono zedi, koma kalikonse adakaumba mosamala, kotseguka mokwanira kuti e asasanduke o, ndiponso kuti a asasokonezeke ndi s munthu akamawerenga ali tsidya lina la msewu.

Kadontho ka pamwamba pa i ndi j sikozungulira ndendende. N'kotalikirako mbali imodzi, ndipo nako kapendeka. Mutu wa f wagwera kutsogolo molemedwa. Chilembo cha g chili ndi zipinda ziwiri, cham'mwamba ndi cham'munsi, monga mwa kalembedwe kakale, ngakhale malo oti zipindazo zikwanemo ndi ochepa kwambiri. Zilembo zing'onozing'ono ndi zazitali poyerekeza ndi zazikulu, ndipo michira ya p, q ndi y ndi yaifupi, n'chifukwa chake mizere iwiri kapena itatu imatha kuyandikana kwambiri popanda kugundana. Manambala nawo ali ndi khalidwe lawo. Saima mofanana msinkhu: 1, 2 ndi 0 ndi aafupi, 6 ndi 8 amakwera m'mwamba, pamene 3, 4, 5, 7 ndi 9 amalendewera kunsi kwa mzere. Mtengo wa katundu ukalembedwa ndi manambala amenewa umaoneka wovina, ndipo diso limaima pamenepo.

Zilembozi zitangotuluka zidagulidwa kwambiri. Mawu amene ankayenda nazo anali akuti zidapangidwira osindikiza oona patali amene makasitomala awo saona patali. Akatswiri ena okonda zakale sadazikonde, mpaka ankazitcha chiwopsezo chakuda. Koma makampani opikisana nawo sadataye nthawi n'kudandaula. Adathamangira kupanga zawo zofanana nazo. Ludlow idatulutsa Ludlow Black m'chaka cha 1924. Lanston Monotype idatulutsa Goudy Heavyface m'chaka cha 1925, yojambulidwa ndi a Goudy omwe aja, mphunzitsi akuyankha ntchito ya wophunzira wake. Linotype idabwera ndi Pabst Extra Bold m'chaka cha 1928. Zonsezi ndi ntchito za anthu odziwa, koma lero amene amazikumbukira ndi akatswiri okha. Mukaziika pambali pa Cooper Black mumaona kuti kunenepa adakutengera, koma kufewa kwa dzanja la a Cooper kudawavuta.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti zilembozi zimakhululuka. Inki ikachuluka, palibe nsonga yoti iwonongeke, poti zabuntha kale. Pepala likakhala loipa, palibe kamzere kopyapyala koti kaduke. Chilembo chimodzi chikakwera pang'ono kuposa chinzake, diso silidandaula, chifukwa mapazi obulungira aja sadalonjeze mzere wowongoka. Zilembo zokongola zambiri zimafuna makina abwino, pepala labwino ndi mmisiri wosamala, apo ayi zimanyansa. A Cooper adajambula zawo akuganizira wosindikiza wa m'kanyumba kakang'ono, wa makina otopa, amene kasitomala wake akufuna chikwangwani chake mawa m'mawa. Kuganizira munthu wotere pojambula ndi luso, ndipo ndi ulemu.

A Cooper adamwalira m'chaka cha 1940, nthawi imene okonza zotsatsa anali atatembenukira ku zilembo zopanda mapazi, zowongoka, monga Futura ya 1927, ndipo pambuyo pake Helvetica ya 1957. Cooper Black idatsikira m'magolosale ndi m'timapepala ta malonda. Idadzukanso m'zaka za m'ma 1960, ndipo chimene chidaidzutsa ndi kusintha kwa makina. Pa nthawi ya mtovu, chilembo chilichonse chinkakhala pa kachitsulo kake, ndipo zitsulo ziwiri sizingalowane, ndiye mpata wa pakati pa zilembo unali ndi malire. Kutabwera njira yosanja zilembo pogwiritsa ntchito kuwala ndi filimu, komanso mapepala a Letraset amene munthu ankangokhutiza chilembo n'kuchimata pomwe wafuna, okonza adayamba kuyandikizitsa zilembo mpaka kukhudzana. Pamenepo zidadziwika kuti Cooper Black imakongola kwambiri ikapanikizana thithithi. Mimba ya chilembo china imalowa m'chiuno mwa chinzake, ndipo liwu lonse limasanduka chinthu chimodzi.

Chikuto cha chimbale cha Pet Sounds cha gulu la The Beach Boys, chimene Capitol Records idatulutsa mu May 1966, ndi malo abwino oonera zimenezi. M'munsi muli chithunzi cha anyamatawo akudyetsa mbuzi kumalo osungira nyama ku San Diego. M'mwamba muli chigawo chobiriwira, ndipo pamenepo dzina la gulu ndi la chimbale zalembedwa ndi Cooper Black yoyera ndi yachikasu, mayina a nyimbo ali kunsi kwake m'zilembo zomwezo koma zocheperako. Palibe chokongoletsa china chilichonse. Mizere yasanjidwa kuyambira kumanzere, yayandikana, ndipo mitundu iwiri ija ndiyo ikusiyanitsa mawu, osati mipata. Tayang'anani mmene B, P ndi S zikuluzikulu zimagwirira mzere, zing'onozing'ono n'kumagubuduka pambuyo pake.

Chimene chimandigwira mtima pa chikuto chimenechi n'chakuti nyimbo za m'katimo, zimene a Brian Wilson a m'gululo adazikonza, si zoseketsa. Zambiri ndi zachikondi chosakanikirana ndi nkhawa, za mnyamata amene akukula ndipo akuopa. Zilembo zakuthwa zikadaziumitsa. Zilembo zopyapyala zikadazisandutsa zodzikweza. Cooper Black idazipatsa kutentha, ndipo idasonyeza kuti ntchito yake si nthabwala zokha. Imathanso kunyamula chifundo. Patapita zaka zisanu, mu 1971, gulu la The Doors lidaigwiritsa ntchito pa L.A. Woman, chimbale cha nyimbo zolemera, zausiku, chimene chikuto chake choyamba chinali ndi ngodya zobulungira, zogwirizana ndi zilembozo.

Za maswiti a Tootsie Roll ndi dzina la Garfield, mphaka wonenepa ndi waulesi wa m'zojambula za a Jim Davis zimene zidayamba mu 1978, sizifuna kufotokoza kwambiri. Chotsekemera ndi choseketsa ndi kwawo kwa zilembozi.

Nkhani ya masikipa ndiyo yofunika kuimapo pang'ono. M'zaka za m'ma 1970 ku America kudafala zilembo zodula kale, zomata pa nsalu ndi simbi yotentha. Munthu ankasankha zilembo za dzina lake kapena la gulu lake, n'kuzindandalika pa sikipa ndi manja, n'kusita. Dzanja la munthu silingawongole mzere monga amachitira makina, ndipo ngodya yakuthwa ya chilembo chomata ndi imene imayamba kumatuka pochapa. Cooper Black idapambana pa mavuto onse awiri: kukhota kwa mzere sikuoneka, ndipo ilibe nsonga yoti iyambe kusendeka. Achinyamata ovina a hip hop ku New York ankavala mayina a magulu awo m'zilembo zimenezi. Filimu ya Napoleon Dynamite ya 2004 idakumbutsa anthu zimenezi ndi sikipa yoyera ya mawu ofiira akuti Vote for Pedro. Mawu atatu okha, opanda chithunzi, ndipo anthu adaikonda mpaka kumaigula. Zilembo zimene zidasulidwira mtovu ndi pepala zidakapeza ntchito pa nsalu ndi simbi, zinthu zimene mwini wake sadaziganizire, chifukwa maziko ake anali olimba.

Ntchito yaikulu kuposa zonse, kunena za msinkhu weniweni, ndi ya easyJet. A Stelios Haji-Ioannou adayambitsa kampani ya ndege imeneyi m'chaka cha 1995, ndipo maulendo oyamba ankachokera pa bwalo la Luton kupita ku Glasgow ndi Edinburgh. Cholinga chinali kugulitsa matikiti otchipa mwachindunji pa foni, popanda kudzera kwa ogulitsa apakati. Ndiye adalemba nambala ya foni m'mbali mwa ndege, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, m'manambala akuluakulu a Cooper Black a mtundu wa lalanje. Ndege yonse idasanduka chikwangwani. Intaneti itafala, nambala ija idalowedwa m'malo ndi adiresi ya pa intaneti, m'zilembo zomwezo. Abale athu okhala ku Britain amaziona nthawi zonse akamakwera ndege zopita m'maiko oyandikana nawo.

Taganizirani chimene chisankho chimenechi chidachita. Makampani a ndege ankakonda zilembo zowonda, zaulemu, zouza munthu kuti kuuluka n'kwa mabwana. A easyJet ankafuna kuuza munthu wamba kuti ndege ndi yakenso, ndipo zilembo za m'golosale ndi za pa maswiti zidanena zimenezo liwu lisanawerengedwe n'komwe. Dzinalo limayamba ndi chilembo chaching'ono, e, ndipo J wamkulu amabwera pakati, mchira wake utakhota. Zoyera pa lalanje, kapena lalanje pa zoyera, basi. Pa chipsepse cha ndege, pa tikiti, pa chikwangwani cha pa bwalo, paliponse zimawerengeka munthu ali kutali.

Mu 2010 gulu la The Black Keys lidatulutsa chimbale cha Brothers. Chikuto chake, chimene adakonza a Michael Carney, mchimwene wa woimba ng'oma wa gululo a Patrick Carney, chilibe chithunzi. Ndi chakuda bii, ndipo pali ziganizo ziwiri zokha, m'zilembo za Cooper Black zoyera ndi zofiira, zongonena kuti ichi ndi chimbale cha gulu lakuti ndipo dzina lake ndi lakuti. Ganizo lolemba mawu okhaokha lidatsata chikuto cha chimbale cha a Howlin' Wolf cha 1969. A Carney adalandira nacho mphotho ya Grammy mu 2011. Ndi zilembo zochepa kwambiri zimene zingaime zokha pa chikuto, popanda chithunzi chozithandiza, n'kukhalabe zokoma kuziyang'ana. Cooper Black imatha chifukwa chilembo chilichonse ndi chojambula pachokha.

Kwathu kuno zilembozi zidafika kudzera pa kompyuta. Kwa zaka zambiri Cooper Black yakhala ikubwera pamodzi ndi Microsoft Office, motero mnyamata wa kashopu kosindikiza ku Limbe, ku Mzuzu kapena ku Chipata amaipeza pa mndandanda wa mafonti popanda kulipira china chowonjezera. Izi n'zabwino, koma chinthu chikapezeka mosavuta chimagwiritsidwa ntchito mosasamala, ndipo zimandipweteka kuona zilembo zabwino chotere zikuzunzidwa. Ndime yonse ikalembedwa ndi Cooper Black yaing'ono, timabowo tija timatsekeka, tsamba limada, ndipo wowerenga amatopa asanafike pa mzere wachitatu. Mawu onse akalembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha, n'kuwatalikitsanso, kugubuduka kuja kumatha, chifukwa kukoma kwake kwagona m'zing'onozing'ono. Mithunzi, mizere yozungulira m'mphepete ndi mitundu isanu pa liwu limodzi zimaphimba ntchito imene a Cooper adaimaliza kale. Zilembozi zimafuna mawu ochepa, msinkhu waukulu, kuyandikana, ndi mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Pozungulira pake pasiyidwe malo opanda kanthu, poti chinthu cholemera chimafuna popumira. Ndipo sikuti zimayenera paliponse: pa uthenga wa maliro, pa chikalata cha khoti kapena pa chenjezo la ngozi, kufatsa kwake kumapereka uthenga wolakwika.

Tiyeni titenge chitsanzo cha khadi loitanira anthu ku chinkhoswe. Liwu loti Chinkhoswe likhale lokha pamwamba, lalikulu, C yekha ndiye wamkulu. Muona kuti pakati pa liwulo, pamene n, k ndi h zatsatizana, pali mizere yoimirira yambiri yoyandikana, ndipo mapazi ake amafuna kukhudzana. Asiyeni akhudzane pang'ono, sizilakwika. Vuto lili kumapeto, pamene s, w ndi e zimasiya timipata toyera chifukwa cha kupendeka kwa miyendo ya w. Pamenepo yandikizitsani ndi dzanja, chilembo chimodzichimodzi, mpaka kuda kwa kumapeto kufanane ndi kwa pakati. Mayina a eni chinkhoswe angathe kukhala m'zilembo zomwezo, zocheperako, mu mtundu wachiwiri. Koma tsiku, malo, nthawi ndi manambala a foni a oyankha mafunso zilembedwe ndi fonti ina yowonda, yosadzionetsera, kuti diso lidziwe poyambira ndi potsirizira.

Chichewa chili ndi mawu ataliatali, ndipo m ndi w, zilembo zotambalala kuposa zonse mu Cooper Black, zimapezeka paliponse m'chilankhulo chathu. Liwu loti Takulandirani kapena Tikuthokozani limadzaza chikwangwani msanga. Apa ambiri amagwira liwulo ndi mausi n'kulifinya m'mbali kuti likwane. Kuteroko kumawondetsa mizere yoimirira n'kusiya yopingasa ili yonenepa, timapazi timaphwanyika, ndipo muyeso wonse umene wojambula adauvutikira umasokonekera. Ngati malo achepa, chepetsani msinkhu wa liwu lonse mofanana, kapena sankhani liwu lalifupi, monga Zikomo kapena Fikani, kapena gawani uthengawo m'mizere iwiri yoyandikana, popeza michira yaifupi ija imalola. Ngati zonsezi zakanika, funani Cooper Black Condensed, imene a Cooper adaijambula okha mu 1926 chifukwa cha vuto lomweli, chilembo chilichonse atachiumbanso mwatsopano kuti chiwonde popanda kupunduka.